Kodi Robert Weinberg anatulukira chiyani kuti dzina lake lizimveka chonchi pa nkhani ya khansa?

Funso

Ndine wophunzira wa chaka chachitatu wa sayansi ya zachipatala ku Blantyre. Aphunzitsi athu sadutsa sabata osatchula Robert Weinberg, ndipo atipatsa ntchito yoti tilembe za mmene iye wasinthira kafukufuku wa khansa. Pa Google Scholar ndaona kuti mapepala ake atchulidwa kambirimbiri, koma munthuyu alibe Nobel, ndipo sindinamvepo mankhwala amene anapanga. Ndiye anachita chiyani kwenikweni? Ndingolemba manambala aja basi?

Yankho

Manambalawo musawataye, mng'ono wanga, koma musawaike patsogolo. Mukasanja mapepala a Weinberg kuyambira lotchulidwa kwambiri, pamwamba pabwera awiri amene analemba ndi Douglas Hanahan mu 2000 ndi mu 2011, ndipo m'mapepala awiriwo mulibe kuyesa kwatsopano ngakhale kumodzi. Ndi mapepala osonkhanitsa zimene anthu anali atapeza kale. Ntchito imene inachititsa kuti dziko limumvere polemba zimenezo ili m'munsi mwa mndandandawo, m'mapepala a pakati pa 1979 ndi 1986, amene ophunzira ambiri sawatsegula n'komwe. Tiyeni tiyambire kumeneko.

Weinberg anabadwira ku Pittsburgh mu 1942, kwa makolo achiyuda amene anathawa ulamuliro wa Hitler ku Germany. Digiri yoyamba anaitenga ku yunivesite ya MIT ku Massachusetts mu 1964, PhD komweko mu 1969, kenako anakasula luso ku Weizmann Institute ku Israel ndi ku Salk Institute ku California, kwa Renato Dulbecco. Atabwerera ku MIT kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 sanachokenso, ndipo mu 1982 anali mmodzi mwa oyambitsa Whitehead Institute, kumene labotale yake inakhazikika. Si dokotala wa odwala. Ntchito yake yonse ndi ya maselo ndi majini.

Nthawi imene ankayamba, ndalama za kafukufuku wa khansa ku America zinkathamangira kosaka mavairasi. Pulezidenti Nixon anali atasaina lamulo lolimbana ndi khansa mu 1971, ndipo ambiri ankayembekeza kuti zimene Peyton Rous anaona mu nkhuku mu 1911, zoti vairasi imayambitsa chotupa, zipezekanso mwa anthu. Koma m'zotupa zambiri za anthu vairasi sinkapezeka, pamene fodya ndi mankhwala ena owononga DNA zinkadziwika kale kuti zimayambitsa khansa. Mu 1976 Michael Bishop ndi Harold Varmus ku San Francisco anasonyeza kuti jini ya src, imene vairasi ya Rous imayambitsira chotupa, inachokera m'maselo abwinobwino a nkhuku yomweyo. Vairasi inangoitola n'kuipotoza. Funso linatsala linali ili: m'chotupa chopanda vairasi, kodi muli jini yowonongeka imene munthu angaigwire n'kuionetsa anzake?

Amene anayankha ndi manja ake anali Chiaho Shih, wophunzira wochokera ku Taiwan amene ankachita PhD kwa Weinberg. Kuyesa kwakeku kumvetseni bwino, chifukwa zina zonse zatsamira pamenepa. Pali maselo a mbewa otchedwa NIH 3T3 amene amawetedwa m'timbale tapulasitiki. Maselowa amagawikana mpaka atadzaza pansi pa kambale, ndipo akangokhudzana amaleka, n'kukhala chiyalo chimodzi chosalala. Shih anatenga maselo ena a mbewa amene anasanduka a khansa chifukwa cha mankhwala otchedwa methylcholanthrene, n'kuchotsamo DNA yokhayokha, popanda selo lamoyo. DNA ija anaisakaniza ndi calcium phosphate kuti ipange timibulu timene maselo amameza, njira imene Frank Graham ndi Alex van der Eb anaipeza ku Leiden mu 1973, n'kuithira pa maselo abwinobwino aja. Kenako kudikira. Milungu iwiri kapena kuposerapo, kusintha madzi odyetsera maselo, kusuzumira pa maikulosikopu, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. M'timbale tina munayamba kuoneka timilu, malo amene maselo sakulekanso kugawikana, akungokwerana pamwamba pa anzawo. Maselo a m'timiluto akabayidwa mu mbewa, chotupa chinkamera. Zotsatira zinatuluka mu 1979, ndipo tanthauzo lake linali lakuti khalidwe la khansa lili mu DNA, ndipo likhoza kusamutsidwa kuchoka m'selo lina kupita m'linzake.

Sitepe yotsatira inali kuchita zomwezo ndi DNA ya munthu, yochokera m'maselo a khansa ya chikhodzodzo. Vuto linali kupeza jini imodzi ya munthu pakati pa DNA yonse ya mbewa. Apa Shih ndi Weinberg anagwiritsa ntchito nzeru yosavuta: DNA ya munthu ili ndi tizidutswa tobwerezabwereza totchedwa Alu, timene tamwazikana paliponse ndipo timasiyana ndi ta mbewa. Anasamutsa DNA kachiwiri kuti za munthu zosafunika zitayike m'njira, ndipo kachidutswa ka munthu kamene kanatsalabe m'timilu tonse kanali komwe ankafuna. Sanali okha pa liwiroli. Labotale ya Michael Wigler ku Cold Spring Harbor ndi ya Mariano Barbacid ku National Cancer Institute zinafika pa jini yomweyo m'chaka chomwecho cha 1982. Ndiye kunabwera kokhumudwitsa pang'ono. Luis Parada, wophunzira winanso wa Weinberg, anapeza kuti jini imene anaivutikira chonchi sinali yachilendo. Inali ras, imene inkadziwika kale kuchokera ku vairasi ya makoswe imene Jennifer Harvey anaipeza ku London mu 1964. Koma kukhumudwako kunali ndi phindu, chifukwa kunagwirizanitsa magulu awiri amene ankaona ngati akufufuza zosiyana. A mavairasi ndi a mankhwala owononga DNA onse ankaloza majini amodzimodzi.

Chisanathe chaka cha 1982, Cliff Tabin ndi anzake mu labotale yomweyo, pamodzi ndi magulu ena aja, anayerekeza ras ya m'chotupa ndi ras ya m'selo labwinobwino. Kusiyana kunali chilembo chimodzi cha DNA. Pa codon (kagulu ka zilembo zitatu za DNA) ya nambala 12, pamene payenera kukhala GGC panali GTC, motero m'malo mwa glycine, chimodzi mwa tizidutswa tomangira puloteni, puloteniyo inalandira china chotchedwa valine. Puloteni ya ras imatumiza uthenga woti selo ligawikane, kenako imadzizimitsa yokha pophwanya kamolekyu kotchedwa GTP kamene yagwira. Ikasinthika pa malo amenewo imalephera kudzizimitsa, uthenga n'kumangopita. Kanali koyamba kuti munthu aloze chilembo chenicheni chowonongeka m'khansa ya munthu. Lero tikudziwa kuti majini a banja la ras ndi owonongeka mu khansa pafupifupi imodzi mwa zisanu zilizonse, ndipo mu khansa ya kapamba ndi pafupifupi zisanu ndi zinayi mwa khumi.

Pepala limene ine ndimalilemekeza kuposa onse ndi la chaka chotsatira, chifukwa linatsutsa chisangalalo cha labotale yomweyo. Ngati chilembo chimodzi chikwanira, bwanji khansa imatenga zaka zambiri kuti imere, ndipo imachuluka mwa okalamba? Otsutsa ankati maselo a NIH 3T3 si abwinobwino kwenikweni, akhala akuwetedwa nthawi yaitali ndipo anali kale pakhomo pa khansa. Ankanena zoona. Mu 1983 Hartmut Land, Parada ndi Weinberg anaika ras yowonongeka m'maselo otengedwa kumene mu mluza wa khoswe, ndipo sanasanduke a khansa. Anaika jini ina yoyambitsa khansa yotchedwa myc yokha, chimodzimodzi. Ataika zonse ziwiri pamodzi, maselo anasanduka. Khansa imafuna kuwonongeka kungapo kogwirizana, ndipo jini iliyonse imapatsa selo mphamvu yosiyana. Maganizo onse a m'pepala lotchuka la 2000 lija mbewu yake ili apa. Dzina la myc lisakudutseni: ndi jini yomweyo imene imasamuka pa chromosome 8 n'kukakhala pa chromosome 14 mu Burkitt lymphoma, khansa yotupitsa nsagwada ndi mimba mwa ana, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Kampala mu 1958 n'kudzaitsata mpaka m'zipatala za Nyasaland pa ulendo wake wa mu 1961. Kusamukako anakupeza ndi ofufuza ena mu 1982, osati Weinberg, koma nkhani yake ndi imodzi.

Tsopano mbali inayo. Majini ngati ras amayambitsa khansa akagwira ntchito mopitirira. Panali umboni wakuti palinso majini amene amayambitsa khansa akasowa. Mu 1971 Alfred Knudson anaunika odwala 48 a retinoblastoma, khansa ya m'diso mwa ana aang'ono, imene kawirikawiri mayi ndi amene amayamba kuiona: kamwanadiso kakuyera kapena kunyezimira pamene payenera kukhala pakuda. Knudson anaona kuti ana amene anaitengera kumtundu amadwala msanga, nthawi zambiri maso onse awiri, pamene ena amadwala mochedwerapo, diso limodzi. Powerengera, anati pamafunika kuwonongeka kuwiri. Wotengera kumtundu amabadwa nako kumodzi kale. Jini yakeyo palibe anaiona kwa zaka 15. Kusaka chinthu chimene chikudziwika ndi kusowa kwake n'kovuta, njira ya timbale ya Shih singathandize. Thaddeus Dryja, dokotala wa maso ku Massachusetts Eye and Ear Infirmary ku Boston, ankasunga zotupa za ana amenewa ndipo anapeza kachidutswa ka chromosome 13 kamene kankasowa mu zina mwa izo. Stephen Friend, dokotala wa ana amene ankafufuza mu labotale ya Weinberg, anatenga kachidutswako n'kufika nako pa jini yeniyeniyo. Pepala linatuluka mu Nature mu Okutobala 1986, ndipo jiniyi, yotchedwa Rb, inakhala jini yoyamba yoletsa zotupa kupezeka. Mukamalemba, dzina la Dryja lisasowe. Popanda zotupa zake ndi khama lake, a ku Whitehead sakanadziwa poyambira.

Pano ndi pamene ntchito ya ku Massachusetts imafika pakhomo pathu. Mu 1989 gulu la Ed Harlow ndi Peter Howley linasonyeza kuti puloteni ya E7 ya kachilombo ka HPV imagwira puloteni ya Rb n'kuilepheretsa ntchito. Zimene zimachitika m'diso la mwana jini ikasowa, kachilomboka kamazichita pa khomo la chiberekero jini ilipo. Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imapezeka kwambiri mwa amayi ku Malawi, ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko amene vutoli ndi lalikulu koposa padziko lonse. Katemera wa HPV amene anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019 sanapangidwe ndi Weinberg, ndipo kulumikiza HPV ndi khansayi ndi ntchito ya Harald zur Hausen wa ku Germany. Koma mukafunsidwa pa mayeso kuti kachilomboka kamasandutsa bwanji selo, yankho lanu lidutsa pa jini ya mu 1986 ija.

Mwati simunamvepo mankhwala amene anapanga. N'zoona, sanapange. Koma tsatani jini imodzi muone. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, labotale yake inapeza jini ina m'zotupa za mu ubongo wa makoswe n'kuitcha neu. Patapita nthawi zinadziwika kuti neu ndi jini yomwe mwa munthu imatchedwa HER2. Mu 1987 Dennis Slamon wa ku yunivesite ya UCLA anasonyeza kuti amayi ena odwala khansa ya m'mawere ali ndi makope ochuluka a jiniyi, ndipo khansa yawo ndi yaukali. Kampani ya Genentech inapanga trastuzumab, imene imagulitsidwa ndi dzina la Herceptin, ndipo inavomerezedwa ku America mu 1998. Mu 2015 bungwe la WHO linaiika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Kuchoka pa khoswe kufika pa mayi wodwala panadutsa manja ambiri, ndipo a Weinberg anali oyambirira chabe. Nkhani ya ras ndi yowawa kuposa. Kwa zaka zoposa 30 puloteniyi inakanika, ilibe pogwira poti mankhwala n'kumatirira. Mu 2013 gulu la Kevan Shokat ku San Francisco linapeza kampata pa mtundu umodzi wowonongeka wa KRAS, puloteni ya banja la ras, ndipo sotorasib inavomerezedwa mu 2021, zaka 39 chipezekere chilembo chija. Imagwira mtundu wotchedwa G12C, pa malo a nambala 12 omwewo, ngakhale kuti ndi pa jini ina ya banjali, ndipo ngakhale kwa odwala amene imawathandiza, khansa nthawi zambiri imadzapeza njira yoizemba.

Ndidutse mwachangu pa 1999. Maselo a munthu anakana kwa zaka zambiri kusanduka ndi njira imene inatheka pa makoswe. William Hahn ndi anzake anakwanitsa ataphatikiza ras, majini a vairasi ya SV40 amene amatsekereza Rb ndi p53 (puloteni inanso yoletsa zotupa), ndi telomerase, imene imaletsa nsonga za chromosome kufupika selo likamagawikana.

Tibwerere ku pepala la manambala aja. The Hallmarks of Cancer linatuluka mu magazini ya Cell mu Januwale 2000. Hanahan ndi Weinberg anati mitundu yonse ya khansa, yoposa 100, imafanana pa mphamvu zisanu ndi imodzi zimene selo limapeza: kudzilamula lokha kuti ligawikane, kusamvera uthenga woletsa, kuzemba imfa imene selo lowonongeka limayenera kufa, kugawikana kopanda malire, kuitana mitsempha yatsopano ya magazi, ndi kulowerera m'minofu ina mpaka kufalikira. Linathandiza, sindikana. Wophunzira amene ankamira m'maina a majini mazanamazana anapeza pokolowekera chilichonse. Koma dziwani mmene mapepala otere amatchulidwira. Wofufuza akamayamba pepala lake amafuna chiganizo chimodzi chonena kuti khansa ndi matenda ovuta, n'kuika Hanahan ndi Weinberg kumapeto kwake. Kuli ngati moni wa pakhomo: aliyense wolowa amapereka, koma si nkhani imene wabwerera. Google Scholar imawerenga moni ameneyu mofanana ndi kutchula kwa munthu amene wamanga ntchito yake yonse pa zimene unapeza. Ndipo zimene zavomerezedwa ndi aliyense zimasiya kutchulidwa. Ndani lero amatchula Tabin polemba kuti ras imawonongeka pa codon 12? Nayonso h-index, nambala yoyezera wofufuza potengera mmene mapepala ake atchulidwira, imene Jorge Hirsch anaiyambitsa mu 2005, ili ndi chilema chomwecho, kuwonjezera pa kukondera okalamba ndi a nthambi zokhala ndi ofufuza ambiri.

Pepalali lilinso ndi otsutsa, ndipo aphunzitsi anu adzakondwa mukawatchula. Mu 2010 Yuri Lazebnik analemba mu Nature Reviews Cancer kuti zisanu mwa zizindikiro zisanu ndi chimodzizo zimapezekanso m'zotupa zosaopsa, ndipo chimene chimasiyanitsa khansa ndi chomaliza chokha, kulowerera ndi kufalikira. Chachikulu china chinasowa mu 2000: chitetezo cha m'thupi. Anadzachionjezera mu pepala la 2011, pamodzi ndi kusintha kwa mmene selo la khansa limagwiritsira ntchito shuga, mwezi womwewo wa Malichi umene ipilimumab, mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chimenyane ndi khansa, inavomerezedwa ku America. Njira imene yasintha kwambiri chithandizo m'zaka zaposachedwapa inachokera kunja kwa chithunzi choyambiriracho, kwa James Allison ndi Tasuku Honjo, amene analandira Nobel mu 2018.

Za Nobel ya Weinberg, komiti simafotokoza chifukwa chimene yasiyira munthu, ndipo maina a osankhidwa amabisidwa zaka 50. Maganizo anga ndi akuti lamulo loti mphoto isapitirire anthu atatu silimukomera. Ras inapezeka ndi malabotale angapo nthawi imodzi, Rb ili ndi Knudson, Dryja ndi Friend, ndipo mphoto ya majini oyambitsa khansa inapita kale kwa Bishop ndi Varmus mu 1989. Mphoto zina ali nazo: National Medal of Science mu 1997, Wolf Prize mu 2004, Breakthrough Prize mu 2013, ndi Japan Prize mu 2021 pamodzi ndi Bert Vogelstein. Muzilembe m'chiganizo chimodzi, zisadye tsamba.

Tsambalo mulipereke kwa anthu amene anadutsa m'manja mwake, chifukwa apa ndi pamene manambala saona chilichonse. Cornelia Bargmann, amene anapeza chilembo chowonongeka mu neu ali wophunzira, anasiya khansa n'kukhala mmodzi mwa akatswiri akuluakulu a ubongo, pofufuza mmene kanyongolotsi ka C. elegans kamanunkhizira. Tabin anapita kofufuza mmene manja ndi miyendo zimaumbikira mu mluza, n'kudzatsogolera dipatimenti ya majini ku Harvard Medical School. Tyler Jacks anaweta mbewa zokhala ndi majini a khansa zimene malabotale ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo anatsogolera Koch Institute ku MIT. René Bernards anabwerera kwawo ku Netherlands n'kukathandiza kupanga MammaPrint, njira yoyezera majini 70 imene imathandiza kudziwa ngati mayi wa khansa ya m'mawere akufunika chemotherapy. Mapepala amene anthu amenewa analemba atayamba kuima paokha, ambiri alibe dzina la Weinberg.

Musamupake mafuta okhaokha. Kuyambira 2004 labotale yake inalimbikira ganizo lakuti maselo a khansa amafalikira posintha maonekedwe, kuchoka pa maselo omatirirana n'kukhala oyenda okha, zimene zimatchedwa EMT, ndipo mu 2008 inati kusinthaku kumawapatsanso mphamvu yoyambitsa chotupa chatsopano. Mu 2015 mapepala awiri mu Nature, ochokera kwa magulu ena, anasonyeza khansa ikufalikira mu mbewa popanda umboni wa EMT, ndipo mkangano wake sunatheretu. M'zaka zomwezo mapepala angapo a labotale yake okhudza miR-31 anachotsedwa m'magazini chifukwa cha zolakwika pa zithunzi ndi zotsatira. Mapepala ochotsedwa amapitirizabe kuoneka pa Google Scholar ndi manambala awo, ndiye muzifufuza pepala lililonse musanalidalire.

Mwini wake analemba nkhani yaifupi mu Cell mu 2014 yoyang'ana m'mbuyo zaka 40. Mfundo yake inali yakuti m'badwo wake unalowa m'ntchitoyi khansa ikuoneka yosamvetsetseka, unakhulupirira kwa kanthawi kuti majini ochepa afotokoza zonse, ndipo tsopano makina owerenga DNA akutulutsa zambiri kuposa zimene aliyense angathe kuzimasulira. Muiwerenge, ndi yosavuta. Kenako tsegulani pepala la Land, Parada ndi Weinberg la mu 1983, muone tebulo losonyeza zimene zinachitika ndi ras yokha, myc yokha, ndi ziwirizo pamodzi, ndipo ntchito yanu muiyambire pa tebulo limenelo.